Mbale ya a Bwana

Tsiku lomaliza kuwaona Amayi ali moyo anandithamangitsa. Anali atagona pabedi lapakona kuchipatala, dilipi ili pamkono, milomo itauma gwa. Ndinali nditangokhala pansi, ndisanamasule n'komwe kamtolo ka zovala zawo, pamene anatsegula maso n'kuyang'ana pawindo. Dzuwa linali litapendeka.

"Iwe, ukufuna chiyani kuno? A Bwana adya?"

"Akadya ndikabwerera, Amayi. Ndangofika kumene."

"Ukabwerera liti? Mimba ya munthu imadikira basi? Nyamuka."

Ndinanyamuka. Pakhomo ndinacheuka, kuyesa mwina anena kanthu kena, koma anali atatembenukira kale kukhoma. Mawu awo omaliza ndinawamva pa foni madzulo omwewo, ndipo sanali anga. Anatisiya m'mawa mwake kusanache.

Zimene ndikulembazi zinachitika m'nyumba imene ndinakuliramo. Mowa sindimwa, fodya sindisuta, ndipo ngakhale koleji ndinaisiyira panjira, ndinakhalako mokwanira kudziwa kuti mbale siidzitsuka yokha. Mboni ndili nazo: a Telala oyandikana nafe, amene makina awo osokera amakhala pakhonde loyang'anizana ndi windo lathu, ndi Azakhali, amene mpaka lero nkhaniyi ikangoyambika amatuluka panja.

Amayi amenewa kwenikweni anali agogo anga, obereka bambo. Koma palibe ankawatcha agogo. Kwa ana awo anali Amayi, kwa apongozi Amayi, kwa ife adzukulu Amayi, mpaka munthu wowerenga mita ya madzi akamagogoda ankati, "Amayi alimo?" Anakhalitsa pa dziko mpaka anaika m'manda mwamuna wawo, anzawo onse amene ankaimba nawo kutchalitchi, ndi ana awo ena, bambo anga ali m'gululo. Ntchito yawo inali kuchapa ndi kusita zovala za anthu. M'beseni limenelo, mwa ana awo, munatuluka mphunzitsi, munatuluka kalaliki, munatuluka dalaivala wa magalimoto akuluakulu. Mwana aliyense wa pachibale amene imfa kapena chisudzulo chinamusiya padzuwa ankathera kwa ife, ndipo nthawi zina tinkagona mpaka m'khitchini, mitu kuchitofu, miyendo kukhomo. Zala zawo zinali zitapindika ndi madzi ozizira, moti mphete ya ukwati inakanirira mpaka tinawaika nayo. Sanali munthu wonyengerera. Chikondi chawo chinali cha kolala yowongoka ndi mbama yapamsana.

Ana onsewo anakula n'kumwazikana. Anatsala mmodzi.

Ameneyo ndi a Bwana, bambo anga aang'ono. Anabadwa bwinobwino, koma matenda anawagwira ali khanda, thupi n'kumakula, mutu n'kutsalira paubwana. Pamene ine ndinkazindikira anali kale ndi imvi. Mawu awo anali owerengeka. Ankaopa gulu la anthu, ankaopa dzanja lachilendo. Dzina la Bwana anawapatsa ndi Amayi omwe, ati chifukwa m'nyumba yonse ndi iwo okha amene sagwira ntchito koma aliyense amawagwirira.

Chinthu chimodzi chinali chodziwika kwa tonse: a Bwana sankadya kuchokera m'dzanja la munthu wina. Madzulo aliwonse, dzuwa likamalowa, ankakhala pampando wawo pafupi ndi windo, thaulo lili pachifuwa. Amayi ankatapa phala, n'kuuzira, n'kulawa kaye kunsonga kwa sipuni, kenako n'kugogoda sipuniyo m'mphepete mwa mbale, ngwe ngwe.

"Tsegulani ofesi, Bwana, makalata afika."

Ofesi inkatseguka.

Amayi atagwa pa chingwe choyanikira zovala n'kuthyoka m'chiuno, banja linakhala pansi. Ine ndinali chaka chachiwiri, ndikuphunzira zomangamanga. Aphunzitsi anati ali ndi mayeso a ana. Adalaivala anati msewu ndiye munda wawo. Azakhali anati ali ndi mwamuna wodwala shuga. Onse anayang'ana ine.

"Injiniya ndiye alibe banja. Sukulu siithawa."

Ndinabwera ndi chikwama changa n'kuchiponya pamwamba pa wadilopu. Ntchito yanga inali kuphika, kuchapa, kusambitsa a Bwana, ndi kuwanyamula Amayi kuchoka pabedi kukawakhazika pa situlu kuti agwire sipuni. Anali opepuka ngati mtolo wa zovala zouma. Atagonekedwa m'chipatala tinapeza nzeru ina: ine ndinkagwira sipuni, iwo n'kumalankhula pa foni. Palibe aliyense wa ife, ndi sukulu zathu zonsezo, amene anaganiza zojambula mawuwo.

Maliro atachitika Azakhali analamula kuti a Bwana asauzidwe.

"Mungowasokoneza mutu. Tizingoti ali kuchipatala, abwera."

Tsiku loika, tinawaperekeza kwa a Telala, ndipo a Telala anakweza wailesi kuti nyimbo zisamveke. Anthu atabalalika tinawabweza pampando wawo. Anayang'ana pabedi la Amayi, anayang'ana ine.

"Amayi?"

"Ali kuchipatala, abwera," ndinatero, monga ndinauzidwira.

Kuyambira madzulo amenewo pakamwa panatsekeka ndii. Ndinayesa phala, ndinayesa mpunga, ndinayesa buledi woviika mu tiyi. Ndinagogoda mbale, ndinanena mawu aja mochepetsa mawu anga, koma ankangotembenuzira nkhope kuwindo. Madzi okha ndiwo ankalola. Masaya anayamba kulowa, buluku n'kumawavuka.

Nzeru ya juzi inali ya Azakhali. Anabwera tsiku lina, anaona mbale yodzaza, n'kupita kuseri kwa chitseko cha chipinda kumene juzi yobiriwira ya Amayi inkakolekedwa pamsomali.

"Vala. Ndi duku yomwe."

"Azakhali, ine mwamuna wandevu?"

"Tindevu tako ta mbuzito? Vala. Usayatse nyali, ukhale chofulatira windo, ndipo usatsegule pakamwa pakopo."

Anatenga kabotolo ka mankhwala amene Amayi ankapaka m'mawondo, onunkhira ngati bulugamu, n'kundipaka m'mikono. Ndinalowa chowerama. Ndinakhala pa situlu. Ndinatapa, ndinauzira, ndinalawa, ndinagogoda. A Bwana anagwira mkono wa juzi, anaununkhiza nthawi yaitali, kenako anayasamula. Ndinawadyetsa mbale yonse misozi ikutsikira m'kolala, osatha kuipukuta.

Choncho madzulo aliwonse ndinkasanduka nkhalamba. A Telala akandiona m'mawa ankakweza chipewa.

"Mwadzuka bwanji, Amayi a Injiniya? M'mawondomo muli bwanji lero?"

"Sokani zigamba zanuzo, akulu."

Koma Azakhali ankadziwa kuti bodza lotere silikhalitsa. Anafufuza mpaka anapeza malo ku nyumba ina ya masisitere, kutali ndithu, kumene amasunga anthu ngati a Bwana.

"Iwenso ubwerere kusukulu," anatero. "Usafere m'juzi ya munthu wakufa."

Sindinama, mtima wanga unadumpha. Tsiku lina m'mawa ndinawasambitsa a Bwana, ndinawasiyira madzi pafupi, ndinaphikiratu phala n'kulisiya mumphika, ndinakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba, ulendo wa ku koleji kukafunsa ngati malo anga akadalipo. Anandiimika pamzere tsiku lonse. Pobwerera basi inafera panjira. Ndinafika mdima utangogwa kumene, ndikuthamanga, mumtima ndikumva mawu aja a kuchipatala.

Loko anali monga ndinamusiyira. Nditatsegula, fungo la bulugamu linandilandira pakhomo.

Ndinayatsa nyali. A Bwana anali pampando wawo, pakamwa popukutidwa bwino, thaulo litapindidwa padzanja la mpando. Ankasisita mimba. M'khitchini mphika unali wopanda kanthu, utathiridwa madzi kuti zokanirira zifewe. Mbale yawo inali yotsukidwa, yovundikiridwa pathandala, sipuni ili kunsi kwake. Ine mbale ndimaimika chammbali. Wovundikira sipuni m'nyumba imeneyo anali mmodzi yekha.

Ndinapita kuseri kwa chitseko. Juzi inali pamsomali. Ndinalowetsa dzanja m'kati mwake.

Munali mofunda.

A Telala ndinawapeza akulowetsa makina m'nyumba.

"Akulu, kwathu kwalowa ndani?"

"Kwanu? Palibe. Inu nomwe."

"Ine ndangotsika basi pompano."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Musandiseweretse, a Injiniya. Ndakuonani ndi maso angawa pawindo paja. Juzi, duku, mpaka kuwerama mwakuphunzira. Ndiye mawuwo, ndinachita kusiya lumo. Ndinati mnyamatayu anaphonya, akanapita ku zisudzo."

"Mawu ati?"

"Aja a ofesi aja."

Ndinawaonetsa tikiti ya basi. Ndinawaonetsa kiyi. Anayang'ana fumbi la kumapazi kwanga, kenako anayang'ana windo lathu. Anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba kuikulunga pang'onopang'ono pachala.

"Bwerani mugone kuno," anatero motsitsa.

"A Bwana ali okha."

"Okha?"

Madzulo a tsiku lotsatira ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati mwina a Telala maso ayamba kuwanamiza, mwina Azakhali ali ndi kiyi wina. Ndinavala juzi, ndinamanga duku, ndinakhala pa situlu. Ndisanatape n'komwe, a Bwana anandiyang'ana m'maso. Chibadwire changa anali asanandiyang'anepo chotero. Anagwira mkono wa juzi n'kukoka.

"Vula."

Anakokanso.

"Ya Amayi. Akumva kuzizira."

Ndinavula. Ndinaikoleka pamsomali. Mbale ndinaisiya pa situlu, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo mpaka m'khitchini, ndipo ndinakhala pansi, msana uli kuchitofu.

Kunja ana ankathamangitsana. Kwa a Telala wailesi inkalira. Galu wa kuseri ankauwa njinga yodutsa. Kenako galuyo anasiya. Anawo ndinkawamvabe, koma ngati ali kutsidya kwa mtsinje.

Msomali unalira.

Patapata linakhwekhwereza pasimenti. Phazi limodzi lolemera, lina lokokedwa. Khwee, pha. Khwee, pha.

Situlu inalira ngati yakhalidwa.

Mpweya wouzira phala.

Ngwe ngwe.

Mawuwo anali apansipansi, osasa, ngati a munthu amene wayenda mtunda wautali. Koma ndinawamva onse. A Bwana anaseka kuseka kwawo kwa m'mphuno kuja.

Sindinadzuke mpaka mbale inalira pathandala pamwamba pa mutu wanga. Sindinakweze maso. Fungo lija linaima pambali panga kanthawi, kenako linachoka.

Kuyambira pamenepo ntchito tinagawana. Ine kuphika, iwo kudyetsa. Tsiku limodzi lokha ndinayesa kusuzumira. Chitseko cha chipinda chinali chotsegula pang'ono, ndipo ndinaona mbali imodzi ya nkhope ya a Bwana, chibwano chili m'mwamba, pakamwa yasa, maso akuwala. Ndisanasunthe phazi, chitsekocho chinayamba kubwera chokha, pang'onopang'ono, mpaka chinatsekeka pamphuno panga, monga ankachitira Amayi tikamawasokosera ali pa ntchito.

A Bwana anayamba kubwerera m'thupi. M'mawa wina ndinawapeza atametedwa ndevu bwinobwino, chonsecho lezala ndinkaibisa pamwamba pa wadilopu. Tsiku lina zikhadabo zinali zowengedwa, tizidutswa tasonkhanitsidwa pa kapepala. Mabatani amene anathothoka pa malaya awo anabwerera, osokedwa ndi ulusi wakuda pa nsalu yoyera, chifukwa Amayi kumapeto kwawo mitundu sankaisiyanitsanso.

Mantha anatha msanga kuposa mmene mungaganizire. Chimene chinatsala chinali china. Ndinayamba kusiya chitseko cha chipinda changa chotsegula. Malaya anga ong'ambika pamkono ndinawaponya dala pampando wa pabalaza. Patapata lija linkadutsa pakhomo panga osaima, ndipo malayawo anakhala pomwepo mpaka anagwira fumbi. Amayi ndinawasambitsa, ndinawatembenuza pabedi, ndinataya zaka zanga m'nyumba imeneyo, ndipo munthu anachoka kumanda kudzera pakhomo panga ngati akudutsa mlendo pa siteji ya basi. Ndikudziwa kuti ndi zamanyazi kuchitira nsanje munthu ngati a Bwana. Ndinkawachitira.

Azakhali ndinawauza pa foni. Anati ndikugona ndi njala, n'chifukwa chake. Loweruka anabwera okha ndi sutikesi yatsopano ya a Bwana, ndipo ndinawakakamiza kuti adikire dzuwa lilowe. Tinakhala m'khitchini, iwo pampando, ine pansi. Mbale ndinali nditaisiya kale pa situlu.

"Ndiye tikudikira chiyani? Basi yanga ikundisiya."

"Tsitsani mawu, Azakhali."

"Nditsitse mawu m'nyumba ya mayi anga? Ndikuopa ndani?"

Msomali unalira. Iwo sanamve, kapena anachita ngati sanamve. Patapata linadutsa. Ngwe ngwe. Apo ndinaona khosi lawo likuuma, koma Azakhali ndi munthu amene mantha akamugwira amakweza mawu.

"Ndi iweyo wawaphunzitsa kudya okha, basi. Zili bwino, masisitere sakavutika. Lachiwiri m'mawa galimoto ibwera kudzawatenga. Ndalankhula nawo kale."

Sipuni inasiya kulira.

Nyumba yonse inangoti zii. Mpope unkadontha m'sinki, ndipo dontho lililonse linkamveka palokha.

Situlu inalira.

Khwee, pha.

Khwee, pha.

Linkabwera kukhitchini. Linafika pakhomo. Linaima.

Pakhomopo panalibe munthu. Panali kamdima ka madzulo ndi fungo la bulugamu, lamphamvu moti maso anayamba kundiyabwa. Azakhali, mayi wa imvi, wa adzukulu ake, anaimirira n'kuika manja kumbuyo ngati mwana amene waswa kapu.

"Amayi," ananong'ona, "ifenso tatopa."

Patapita kanthawi patapata linabwerera, mochedwa kuposa mmene linabwerera. Madzulo amenewo mbale sinatsukidwe. Ndinaipeza pa situlu, phala lili theka, sipuni itaimikidwa pakati.

Ndinawaperekeza Azakhali ku basi. Tinayenda mpaka pa golosale, ndipo pamenepo anaima n'kundiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. A Bwana ali mwana, agogo aamuna anawatenga mobisa, Amayi atapita kukapereka zovala za anthu, n'kukawasiya ku malo ngati omwewa. Amayi atabwerera sanakhale pansi. Anayenda wapansi tsiku lathunthu, anakamutenga mwana wawo, n'kubwera naye kumsana, miyendo yake ikuwagunda m'mawondo. Amayi anapitiriza kuphikira ndi kusitira mwamuna wawoyo mpaka imfa yake, koma sanadyenso naye mbale imodzi.

"Anati mwana wanga sadzagona kwa eni ine maso ali otsegula," anatero Azakhali. Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Koma maso aja ndinawatseka ndine, ndi dzanja ili. Galimoto ibwera."

"Nanga akakapanda kudya kumeneko?"

"Nanga iwe ukakalamba m'khitchini muja? Ukufuna mayi anga azivutika mpaka liti? Munthu anachapa moyo wake wonse, ndiye kumandanso azidzuka kudzagwira sipuni?"

Basi itafika anakwera, ine n'kubwerera kunyumba.

Lamlungu a Bwana anadya mbale yonse. Lolemba ndinalongedza sutikesi yawo. Madzulo ake nditamva ngwe ngwe, ndinachoka m'khitchini n'kukagwada pa chitseko chotseka chija. Ndinaika chipumi pa thabwa. Linali lozizira ngati mwala wa pamtsinje.

"Amayi, ndine."

Sipuni inapitiriza.

"Sindipita kusukulu. Ndikhala. Galimoto ikabwera ndiibweza, Azakhali ndilimbana nawo ndekha. Ndiwasunga ine mpaka mapeto. Mwamva?"

Ndinkanena zoona. Ndinkaziopa, ndinkadana nazo, koma zinali zoona.

Sipuni inaima pang'ono. Ndinamva mpweya kuseri kwa thabwalo, pafupi kwambiri, pa msinkhu wa munthu wamfupi wowerama. Ndinadikira. Kenako patapata linabwerera ku situlu, ndipo sipuni inayambanso.

Pokawagoneka, a Bwana anali osangalala kuposa masiku onse. Anandigwira khutu, chimene ankachita akakondwa ndi munthu.

"Mawa ulendo," anatero.

"Ayi, Bwana. Palibe ulendo. Galimoto ndiibweza."

"Ndi Amayi."

Ndinawafunditsa. Ndinatenga bulangete langa n'kugona chopingasa pakhomo la chipinda chawo, kuti wolowa kapena wotuluka adutse pa ine. Ndinalumbira kuti sindigona.

Ndinadzidzimuka m'bandakucha. Kunja tambala anali asanayambe. Chimene chinandidzutsa ndi fungo, koma silinali la bulugamu. Linali fungo la ubwana wanga wonse: nsalu yonyowa pansi pa simbi yotentha. Simbi yathu inapsa chingwe Amayi asanagwe n'komwe, ndipo inali m'katoni pansi pa bedi.

Pabalaza tebulo linkalira. Madzi owaza, tsaa. Simbi kutsika, phi. Kukhwekhwereza. Kupinda. Kenako china.

Ndinafuna kudzuka. Thupi linakana. Ndinafuna kuitana. Lilime linali ngati chigamba.

Kusitako kunatenga nthawi yaitali. Ndinkadabwa kuti zovala za munthu mmodzi zingachuluke bwanji chotero.

Kenako khwee, pha. Khwee, pha. Mpaka pamutu panga.

Mphepo ya nsalu inandikhudza patsaya pamene chinachake chinkandidumpha. Chitseko sichinalire. M'katimo a Bwana anaseka pang'ono. Ndinamva madzi m'beseni. Ndinamva chipeso m'tsitsi. Ndinamva burashi pa nsapato. Ndiye tulo tinandigwera ngati thumba la simenti.

Chinandidzutsanso ndi hutala ya galimoto. Dzuwa linali litalowa kale m'nyumba. Azakhali ankagogoda pawindo, kumbuyo kwawo kuli a Telala ndi sisitere wovala zotuwa. Ndinatsegula chitseko cha kunja, kenako tonse tinalowa kuchipinda.

A Bwana anali pampando wawo, atakhala tsonga. Anali atavala suti yakuda imene anavala pa ukwati wa Azakhali, malaya oyera owongoka, kolala ili njo. Tsitsi linali lopesedwa, nsapato zikuwala. Manja anali pamawondo. Maso anali otsekedwa bwino, ndipo chibwano chinali chomangidwa ndi duku ya Amayi, mfundo ili pamwamba pa mutu, kuti pakamwa pasatseguke.

Sisitere uja anawagwira pakhosi, n'kuweramitsa mutu. Kenako anayang'ana duku, anayang'ana ine.

"Mwawakonza bwino, achimwene. Munaphunzira kuti?"

A Telala anavula chipewa. Azakhali anakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale, osalira, akungogwira nsonga ya buluku la mlongo wawo. Sutikesi yatsopano ija inali pakona, yotsegula, yopanda kanthu. Zovala zonse zimene ndinalongedza zinali zitabwerera m'wadilopu.

Ndinatuluka kuti ndikapume mpweya. Ndipo pafupi ndi chitseko cha kunja, pamene ndinadutsa mothamanga osaona, panali chikwama changa cha kusukulu. Chinali chitatsitsidwa pamwamba pa wadilopu, fumbi litapukutidwa. Ndinatsegula zipi. Malaya anga onse anali m'menemo, ositidwa, opindidwa manja kumbuyo. Aja ong'ambika aja anali pamwamba, atasokedwa. Pambali panali buledi wopaka majarini, wokulungidwa m'pepala, wodulidwa pakati kuti ndisavutike kudya m'basi.

Ndinaika dzanja pa malayawo. Anali asanazizire.

Azakhali anatuluka atatsamira pa a Telala. Anaona chikwamacho, anandiona nditagwada pambali pake.

"Walongedza kale?" anatero. "Sunachedwe, mwana iwe."

Dokotala atabwera anati mtima unangoima, zimachitika pa msinkhu umenewo. Galimoto ya masisitere inabwerera yopanda munthu. Madzulo ake ndinaphika phala, ndinalisiya pa situlu, ndinakhala m'khitchini mpaka linazizira n'kuchita khungu pamwamba. Galu wa kuseri anauwa osalekeza. Chikwama chija chikadali pamene ndinachipeza.

Linali Lachiwiri, pa 14 Meyi 2019.